Makobiri 240 a M'paundi

Ku Chisenga, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, kumene boma la Chitipa lagundana ndi dziko la Zambia, anthu achikulire amene anagulapo mchere ndi nsalu boma lawo likadali kutchedwa Fort Hill anakula ndi chiwerengero chimodzi chimene ana a lero sachidziwa, ndicho 240, pakuti makobiri 12 ankapanga sheleni, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Kobiri la nthawi ya Chitaganya linali loboola pakati, kotero kuti mayi akapita kumsika ankatha kutunga makobiri ake pachingwe n'kumangirira m'chiuno.

Kunena zoona, masamu a ndalama zimenezi anali olemetsa, ndipo ana ambiri anatuluka nawo thukuta pasileti. Koma akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya paundi inali kugawika. Chiwerengero cha 240 chimabadwa tikachulukitsa 2 kanayi, kenaka ndi 3, kenaka ndi 5, ndipo chifukwa cha kubadwa kotereku chili ndi manambala 20 amene amachigawa popanda chotsala, pamene palibe chiwerengero china chochepera chimene chili nawo ochuluka chotero. Ngakhale 180, amene ayandikira, ali nawo 18 okha. Amuna atatu ocheka matabwa akalandira paundi imodzi, yense ankatenga masheleni 6 ndi makobiri 8. Akakhala asanu, masheleni 4. Akakhala asanu ndi atatu, masheleni 2 ndi sikisi, ndiye kuti makobiri 6. Ndipo ankabalalika mwamtendere, popanda wonyinyirika kuti mnzake wamudyera.

Kusintha kunayambira kutsidya kwa malire. M'chaka cha 1968 Zambia anataya paundi natenga kwacha ya ngwee 100, ndipo kwa zaka zitatu munthu wa ku Chisenga wopita ndi mawere kapena nyemba cha ku Muyombe anayenera kusunga mawerengedwe awiri m'mutu umodzi, kufikira mu February 1971 pamene Malawi nayenso analandira kwacha ya matambala 100. Paundi inasanduka makwacha awiri, sheleni matambala 10, sikisi matambala 5. Koma tiki, wa makobiri atatu, anagwera pa matambala awiri ndi theka, nasowa pokhala.

Tsono matambala 200 amene analowa m'malo mwa makobiri 240 ali ndi owagawa 12 okha, ndipo 3 salipo pakati pawo, kotero kuti ocheka matabwa atatu aja akagawana, yense atenga matambala 66, awiri n'kutsala padzanja osadziwika mwini wake. Sindikana kuti kwacha inapeputsa ntchito ya kalaliki ndi ya mwana wa sukulu, popeza kuwerenga makumimakumi kumatsata zala zimene Mlengi anatipatsa; koma pa nkhani ya kugawana mwachilungamo pakati pa anthu ogwirira ntchito limodzi, paundi yakale inaposa kwacha kutali.