Pelindaba, nkhani imene anati yatha

Munthu wokhala ku Mooinooi sadabwa kumva kugunda kochokera pansi. Tauniyi ili m'mbali mwa msewu wa N4, pakati pa Brits ndi Rustenburg, ndipo yazunguliridwa ndi migodi ya platinum ndi chrome. Marikana ndi poteropo. M'migodimo amaphulitsa miyala, ndipo malo okumbidwa kale nthawi zina amatitimira okha. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ankabwerako ndi nkhani za nthaka yogwedera. Mazenera akanjenjemera usiku, woyamba kumuloza chala ndi mgodi, ndipo kawirikawiri amakhala iyeyo.

Koma pali mnansi wina. Makilomita pafupifupi 40 kum'mawa, kufupi ndi damu la Hartbeespoort, kuli Pelindaba, likulu la kafukufuku wa nyukiliya la dziko la South Africa. Wokayikira malo amenewa si wamantha chabe, chifukwa mbiri yake ndi yobisa.

Monga womasulira, maina a malowa amandigwira mtima. Pelindaba m'Chizulu ndiye kuti "nkhani yatha". Ng'anjo ya nyukiliya ya SAFARI-1, yochokera ku America, inayamba kugwira ntchito kumeneko mu 1965. Mu 1970 nduna yaikulu John Vorster anauza nyumba ya malamulo kuti akatswiri a dzikolo apeza njira yawoyawo yoyengera uranium, ndipo fakitale yake anaimanga pambali pomwepo n'kuitcha Valindaba, "tseka nkhani". Boma la tsankho silinabise n'komwe kuti likubisa. Linachita kulemba pa chikwangwani.

Pa 22 September 1979 setilaiti ya America yotchedwa Vela inaona kung'anima kuwiri kotsatizana kunyanja, kum'mwera kwenikweni kwa Africa. Kung'anima kotere ndi chizindikiro cha bomba la nyukiliya. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Jack Ruina linanena mu 1980 kuti mwina silinali bomba, ndipo linaganizira za kamwala ka mumlengalenga kogunda setilaitiyo. Asayansi ambiri amakhulupirira kuti Israel inayesa bomba mothandizidwa ndi South Africa. Palibe boma lavomera mpaka lero.

Za mabomba ake enieni, dzikolo linaulula mochedwa. Pa 24 March 1993 F.W. de Klerk anauza nyumba ya malamulo kuti anapanga mabomba 6, lachisanu ndi chiwiri lisanathe, ndipo onse anali ataphwasulidwa kale. Uranium yake inayengedwa ku Valindaba. Kwa zaka zonsezo anthu a m'mafamu ndi m'makomboni a m'mphepete mwa mapiri a Magaliesberg ankagona pafupi ndi ntchito imeneyi popanda wowauza kanthu. Akuda, amene analibe ngakhale voti, akanafunsa ndani?

Lero malowa ali m'manja mwa kampani ya boma ya Necsa, ndipo SAFARI-1 imapanga molybdenum-99 imene zipatala za m'maiko ambiri zimagwiritsa ntchito pofufuza khansa ndi matenda a mtima. Ntchito yabwino ndithu, sindikutsutsa. Ng'anjo yotere siyenera kutulutsa phokoso lomveka ku Mooinooi, ndipo ngozi yake yeniyeni ndi yosamveka m'khutu. Mu March 2009 mpweya wa radiation unatuluka m'nyumba ina pamalopo, antchito n'kusamutsidwa kwa kanthawi.

Uranium ya mabomba aja idakasungidwabe ku Pelindaba. Usiku wa pa 8 November 2007 amuna 4 amfuti anadutsa mpanda wamagetsi, nayenda m'katimo pafupifupi mphindi 45, mpaka kulowa m'chipinda choyang'anira za ngozi zadzidzidzi, mmene anawombera wantchito mmodzi pachifuwa. Wantchitoyo anapulumuka. Amunawo anatulukira pomwe analowera, ndipo akuluakulu anati kunali kuba wamba.