Kuchokera pa Mvera: M'mene Mwana Wamkazi Analoŵera M'sukulu

Pamene tilikukondwerera zaka za Chigwirizano chathu, nkoyenera kuti tikumbuke kumene tinachokera. Lero ambiri a ife timatsegula tokha Buku Lopatulika pa msonkhano, timalemba maina m'kaundula, ndi kuŵerengera chopereka popanda kuitana mwamuna. Agogo a agogo athu sanali kutero ai.

Pa 28 November 1889, Abusa A.C. Murray ndi Abusa T.C.B. Vlok, otumidwa ndi Mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa, anayamba Mishoni pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, m'boma la Dowa. Masiku amenewo kunalibe mseu. Katundu anali kubwera pa sitima ya pa nyanja, nasenzedwa pamutu kukwera mapiri. Nkhondo za Angoni zinali zisanathe, ndipo anthu ambiri anali kukhala mwa mantha. M'dziko lotero amishoni anayamba ndi sukulu, pakuti anafuna kuti munthu ali yense aziŵerenga yekha Mau a Mulungu m'chinenero chake.

Sukulu ya m'mudzi inali nyumba yofolera ndi udzu, yomangidwa ndi eni mudzi. Pakati pa mlungu munali kuphunzira ana, pa Sabata munali mapemphero. Mphunzitsi anali mwana wa dziko lomwe lino, amene iyenso anali atangodziŵa kuŵerenga. Ndiye anali kuphunzitsa zilembo ndi masamu, ndiyenso anali kulalika. Ana anayamba kulemba ndi chala padothi, kenaka pa sileti. Ntchito inakula: Kongwe anatsegulidwa mu 1894, Nkhoma mu 1896, Mlanda mu 1902, Mphunzi mu 1903, ndipo Mishoni ili yonse inali ndi masukulu ake m'midzi yozungulira. Mu 1902 sukulu ya aphunzitsi inayamba pa Mvera, ndipo pambuyo pake inasamukira ku Nkhoma.

Koma tisabise, amai anzathu: m'masukulu amenewa mwana wamkazi anali kutsalira. Makolo anali kuona kuti malo ake ndi pamtondo, pamtsinje ndi polera ang'ono ake. Akatha msinkhu, chinali kumdikira chinamwali ndi ukwati. Nchifukwa chake kufika kwa Dona Martha Murray mu 1893 kuli kofunika m'mbiri yathu. Iwo anatsegula nyumba yogonamo atsikana pa Mvera, ndipo nyumba zotere zinafalikira ku Mishoni zina. Kumeneko atsikana anaphunzira kuŵerenga ndi kulemba, kusoka, kuphika ndi kusamala pakhomo. Nzoona kuti maphunziro ao anali ochepa poyerekeza ndi a anyamata, pakuti cholinga chachikulu chinali kuwakonzera banja lachikristu. Komabe khomo linatseguka.

Tiganizirenso za mai amene analola mwana wake kupita. Iye sanadziŵe ngakhale chilembo chimodzi. Polola, anasenza yekha mtsuko umene mwanayo akadasenza, nasinja yekha chimanga, napirira mau a anzake akuti walekerera mwana. Dzina lake silinalembedwe m'buku la mbiri, koma popanda iye nyumba ya Dona ikadakhala yopanda anthu.

Atsikana aja anabwerera kumudzi. Ena anakwatiwa ndi aphunzitsi, nathandiza kuphunzitsa amai anzao. Ena anakhala alangizi. Pamene Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922, atagwirapo ntchito yaikulu Abusa W.H. Murray pamodzi ndi anthu akuno, linapeza amai odziŵa kuliŵerenga. Ndipo pamene Chigwirizano chinayamba mu 1940, analipo kale amai otha kutsogolera phunziro ndi kulemba za msonkhano. Tingathe kunena kuti Chigwirizano chinamera pa munda umene sukulu inalima.

Mu 1962 Mishoni inapereka ntchito yake m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma. Kuyambira pamenepo sitingalozenso chala kwa adona, udindo uli pa ife. Mu 1994 Boma linachotsa fizi m'masukulu a pulaimale, ana nadzaza m'makalasi. Koma tonse tikudziŵa mtsikana wina m'dera lathu amene waleka sukulu chifukwa chosoŵa yunifolomu, sopo kapena makope, kapena chifukwa wafulumizidwa kuloŵa m'banja. Mwina ndi mwana wa mai amene timakhala naye pa benchi limodzi.

Tsono poyendera odwala ndi ofedwa, monga timachitira, tizifunsanso kuti, "Kodi mwana uja akupitabe kusukulu?" Nthambi ili yonse ingathe kupatula kangachepe m'thumba lake, nkusankha amai aŵiri okacheza ndi makolo. Timoteo anaphunzira chikhulupiriro kwa agogo ake Loisi ndi amai ake Yunike. Nafenso tinalandira kwa amai amene anadzimana chifukwa cha ife. Ambuye atithandize kuti tisachitaye.