Malume Anga, Msilikali wa Panyanja

Ambiri amadabwa akamva kuti Malawi, dziko losagundana ndi nyanja ya mchere, lili ndi asilikali a pamadzi. Komatu mbiri ya nkhondo pa nyanja yathu ndi yakale. Mu Ogasiti 1914, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. M'sitimazo munkagwiranso ntchito ana a m'mbali mwa nyanja, koma mabuku anasunga maina a akapitawo achizungu.

Malume anga, amene anatisiya chaka chathachi, anali mmodzi mwa anthu osalembedwa otere, ngakhale kuti nyengo yawo inali ina. Agogo pobwera ku Salisbury kudzafuna ntchito m'nthawi ya Chitaganya cha 1953 mpaka 1963, anasiya mwana wawo wachisamba ku Mangochi. Amayi anabadwira kuno, ndipo banja linadzakhazikika ku Sunningdale ufulu wa 1980 utabwera. Mwana wotsala uja anakulira m'bwato, nalowa usilikali wa panyanja ku Monkey Bay chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Ntchitoyo sinali yamasewera. Malire a kumpoto kwa nyanja, ochokera pa pangano la Heligoland la 1890, anali atautsa kale mkangano ndi Tanzania m'ma 1967 ndi 1968. Kutsidya la kummawa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inayaka kuyambira 1977 kufikira 1992, pomwe zilumba za Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a dzikolo. Komabe m'makalata awo malume sankatchula mfuti. Mdani amene ankamulemekeza anali mwera, mphepo ya m'miyezi yozizira, ndipo ankakumbutsa asilikali achinyamata za Vipya, sitima imene inamira mu Julaye 1946 ndi anthu oposa 140.

Makalatawo ndiwo anandikokera ku maphunziro a zinenero. Muli mawu monga mpoto, vuma, nkhafi ndi chilimira, amene ife ana a ku Harare tinkangowamva ngati maina a abale osawadziwa. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka, koma lamulo silingaphunzitse mwana wa ku Sunningdale kusiyanitsa mphepo za nyanja imene sanaionepo. Chinenero chimene ku Zambia ndi ku Mozambique chikutchedwabe Chinyanja chikutaya nyanja yake pakamwa pathu.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Inu a ku Chipata, ku Tete, ku Lichinga ndi ku Joni, ngati muli ndi mbale amene anagwirapo ntchito pa Ilala kapena ku Monkey Bay, mufunseni adakali moyo. Lembani zaka, madoko ndi mawu ake monga momwe akuwatchulira.