Ndani Ankadzoza Abusa kwa Mbenje?

Pa Bangula, m'dera la Mfumu Mbenje, pamamveka mawu akuti makedzana Mulungu yekha ndiye ankasankha abusa, ndipo kuti anthu ayamba dzulodzuloli kulowetsapo manja awo. Mawuwa ine ndimawakayika, pakuti mbiri ya chigwa chino ikuchitira umboni zina.

Episkopi Mackenzie, amene anatsikira kulichete mu 1862 kufupi ndi mathiriro a Ruo, anachita kutumidwa ndi anthu amene anamuika manja ku Cape Town; amishoni a South Africa General Mission, amene anamanga pa Lulwe mu 1900, nawonso anali ndi owatuma. Ngakhale ku Khulubvi, wogwidwa ndi mzimu wa Mbona sankalankhula kopanda akuluakulu a pakachisi oyesa mawu ake. Pamene dayosizi ya Chikwawa inakhazikitsidwa mu 1965, dzina la episkopi linachokera kwa Papa ku Roma, monganso linadzachokera la Ambuye Felix Mkhori pambuyo pake. A CCAP, mwa mwambo wawo, amasankha okha akulu a mpingo, naitana m'busa amene sinodi yamuyesa kale. Njirazi n'zosiyana, komabe ponseponse wodzozedwa anali ndi wina womufunsa, popeza mutu umodzi susenza denga.

Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1986, pamene nkhondo ya ku Mozambique inakhuthulira m'boma la Nsanje othawa ochuluka kuposa eni nthaka. Anthu osweka mitima, otaya minda ndi manda a makolo awo, sakanadikira wansembe wobwera kamodzi pamwezi, tsono aliyense wokhala ndi Baibulo ndi liwu lamphamvu anazika mitengo, nafolera udzu, nati, "Mzimu wandiyankhula." Sindiwanyoza konse, chifukwa ambiri a iwo anatonthoza amasiye amene mipingo yakale inachedwa kuwafikira. Chimene chimandiwawa n'chakuti pamodzi ndi chitonthozocho panadza chiphunzitso chouma, chotcha nsembe za makolo ndi mankhwala a zitsamba ntchito za Satana, ndiponso chotcha wofunsa za chopereka wotsutsana ndi wodzozedwa wa Ambuye.

Mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992, alendo aja anabwerera kwawo pang'onopang'ono, koma zisakasa zinatsala. Ndipo mpaka lero, mkangano ukabuka m'katimo, pamasowa bwalo lokautulako, kotero kuti wokwiyayo amangotenga ng'oma ndi theka la nkhosa, nakazika mitengo yake patsidya pa msewu.