Kavalo wamkulu pa mpikisano wozungulira migolo

Mpikisano wozungulira migolo ndi masewera a akavalo otchuka ku America. Wokwera amathamangitsa kavalo mozungulira migolo itatu, ndipo akagwetsa mgolo amamuwonjezera masekondi 5. Oyamba kumene nthawi zambiri amagula kavalo wamkulu, chifukwa amakhala atazolowera kale njirayo ndipo sadzidzimuka wamba. Scamper, kavalo wa Charmayne James, anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi zaka 10 zotsatizana, komaliza mu 1993 ali ndi zaka 16. Komabe wogula ayenera kuyamba waitana dokotala wa ziweto kuti apime mano, ziboda ndi mfundo za miyendo, popeza kukhota mwaliwiro kumavulaza mfundozo. Ku Malawi, akavalo a pa phiri la Zomba ankanyamula alendo oyendera nkhalango, ntchito yofunanso kavalo wofatsa.