Matenda Okhumudwa ndi a Nkhawa: Zizindikiro Zake ndi Njira Zolimbana Nawo

Matenda okhumudwa ndi matenda a nkhawa ndiwo amagwira anthu ambiri pa matenda onse a maganizo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse anali ndi vuto la maganizo, ndipo mwa iwo pafupifupi 301 miliyoni ankadwala nkhawa pomwe 280 miliyoni anali ndi matenda okhumudwa. Ambiri mwa odwalawa savula zovala kapena kutola zinyalala mumsewu monga anthu amaganizira akamva za misala. Amadzuka n'kupita kudimba, kumsika kapena kuofesi ngati wina aliyense, koma mumtima muli chipwirikiti. Matendawa amachizika, ndipo chithandizo chake chambiri chimachitikira pakhomo pomwe.

Mmene amaonekera

Kukhumudwa pamaliro kapena chimanga chikapsa ndi dzuwa n'chibadwa. Achipatala amayamba kunena za matenda ngati chisoni kapena kusakondwa ndi chilichonse kwapitirira masabata awiri, pafupifupi tsiku lililonse, mpaka munthu kulephera ntchito zake. Wodwala amadzidzimuka tambala woyamba asanalire n'kukhala maso mpaka mbandakucha. Nsima simupita. Amaiwalaiwala, amatopa asanagwire ntchito, ndipo amadziona ngati wachabechabe. Mayi amene ankatsogolera nyimbo kukwaya amayamba kujomba, bambo wokonda bawo amangodzitsekera m'nyumba.

Nkhawa nayo imabwera ndi mantha osatha pa zinthu zomwe sizinachitike. Mtima umagunda kwambiri, m'manja mumatuluka thukuta, mpweya umaperewera. Ena imawagwira mwadzidzidzi kwa mphindi zingapo, mpaka kuona ngati akumwalira, kenako n'kutha yokha.

M'zipatala za m'Malawi, odwala ambiri sanena kuti akhumudwa. Amati "mutu ukundiwawa", "mtima ukuthamanga" kapena "m'thupi monse mukuphwanya". Akayezedwa malungo n'kupezeka alibe, amalandira panado n'kubwerera kwawo, ndipo pakatha mwezi amabweranso ndi dandaulo lomwelo. Kawirikawiri vuto lenileni limatuluka wachipatala akafunsa za tulo, za chakudya ndi za kunyumba. Apo m'pamene munthu amavomera kuti akuganiza kwambiri.

Zomwe zimayambitsa

Gwero la matendawa si limodzi. Ena amatengera kumtundu. Ena amayamba chifukwa cha matenda amgonagona monga HIV, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kapena chifukwa cha nkhanza za m'banja, ulova, ngongole ya katapila ndi ya kubanki m'khonde. Masoka monga namondwe Freddy, yemwe anakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre ndi m'maboma ena a kummwera mu Malichi 2023, amasiya mantha omwe amabwerera mvula ikangoyamba kugunda pamalata. Mwa amayi oyembekezera ndi omwe angobereka kumene, oposa mmodzi mwa 10 aliwonse amadwala matenda okhumudwa. Abambo amabisa kwambiri poopa kunenedwa kuti si amuna, ndipo malipoti a apolisi m'Malawi amaonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna.

Benchi la agogo ku Harare

Umboni wamphamvu woti kukambirana kumachiritsa unachokera ku Zimbabwe. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Poona kuti madokotala onga iye n'ngowerengeka, anaphunzitsa agogo aakazi 14 kumvetsera ndi kuthandiza anthu kuthetsa mavuto awo, n'kuwakhazika pa mabenchi athabwa panja pa chipatala.

Njira yake n'njosavuta. Wodwala amakumana ndi gogo maulendo 6. Amafotokoza zonse zomusautsa, gogo n'kumazitchula chimodzichimodzi: lendi, fizi ya ana, mwamuna woledzera, mankhwala omwe wasiya kumwa. Kenako wodwalayo amasankha yekha vuto limodzi loti ayambe nalo. Awiriwo amaganizira njira zingapo, amasankhapo yotheka, ndipo amagwirizana tsiku ndi nthawi yoti ichitike. Gogo salamula ndiponso sadzudzula. Akamaliza maulendowa, odwala amalowa m'magulu momwe amalimbikitsana kwinaku akuluka zikwama za mapepala apulasitiki zogulitsa.

Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA anatsata anthu 573 m'zipatala 24 za ku Harare. Patatha miyezi 6, mwa omwe anakhala pabenchi, 14 pa 100 aliwonse ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pomwe mwa omwe analandira chithandizo cha masiku onse anali 50 pa 100 aliwonse. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za m'Malawi.

Zochita tsiku ndi tsiku

Matenda okhumudwa amamugoneka munthu pansi, ndipo kugonako kumawakulitsa. N'chifukwa chake alangizi amauza wodwala kuti asadikire kuti mtima ufune kaye. Asankhe kantchito kamodzi patsiku, monga kusesa pabwalo, kuthirira ndiwo kapena kukaona mnzake, ndipo akachite pa nthawi yomwe waika ngakhale thupi likukana. Kuyenda ndawala kwa mphindi 30 kumathandiza, chimodzimodzinso kugona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, foni ili patali ndi mphasa.

Nkhawa ikagwira, kupuma mwachifatse kumatsitsa kugunda kwa mtima. Munthu amakhala pansi, dzanja lili pamimba, n'kukoka mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, kenako n'kuutulutsa pang'onopang'ono ndi pakamwa akuwerenga mpaka 6, mobwerezabwereza. Kuthawa malo omwe amamuopsa, monga minibasi kapena msika, kumapepuza kwa kanthawi koma kumakulitsa mantha. Choyenera n'kubwererako pang'onopang'ono, poyamba ndi mnzake.

Kachasu, mowa wina uliwonse ndi chamba zimaiwalitsa usiku umodzi, koma zimasokoneza tulo n'kuwonjezera vuto. Achibale nawo ali ndi gawo lawo. Mawu oti "limba mtima, ndiwe mwamuna" amamutseka wodwala pakamwa, pomwe kukhala naye pansi, kumumvetsera mpaka amalize ndi kumuperekeza kuchipatala kumamuthandiza. Pemphero limalimbikitsa ambiri, ndipo silitsutsana ndi mankhwala.

Chithandizo cha kuchipatala

Matenda akakula, madokotala amapereka mankhwala monga amitriptyline ndi fluoxetine. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamatenga masabata awiri mpaka anayi kuti kusintha kuoneke, ndipo amamwedwa kwa miyezi ingapo ngakhale munthu atayamba kupeza bwino. Kuwasiya mwadzidzidzi popanda kufunsa dokotala kungathe kubwezeretsa matenda.

M'Malawi, chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God amathandiza odwala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Komabe sikuti aliyense ayambire kumeneko, chifukwa m'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo. Munthu amene wayamba kulankhula zodzipha, kutsanzika abale kapena kugawa katundu wake asasiyidwe yekha. Achibale abise mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, ndipo apite naye kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo.