Mseu wa Stevenson

Pakati pa Nyanja ya Malawi ndi Nyanja ya Tanganyika pali mtunda umene anthu anauyenda kuyambira kale, atasenza makasu ndi minyanga. Pambuyo pake munadzeranso akapolo a m'magoli. M'chaka cha 1881 James Stewart anayamba kulambula mseu kuchokera ku Karonga, ndi ndalama zimene anapereka James Stevenson wa ku Glasgow, kuti malonda oyenera ndi Mau a Mulungu zithetse ukapolo.

Koma ntchito inakula. Stewart anafa ndi malungo mu 1883, ndipo William McEwan, wolowa m'malo mwake, anamtsata mu 1885. Mseu sunathe, kutsogolo unangokhala njira ya miyendo. Ngakhale zinatero, amtengatenga anapitamo atasenza zidutswa za sitima ya Good News kufikira ku Tanganyika. Mlozi, wogula akapolo, anamanga malinga ake chifupi ndi mseuwo, nalimbana ndi Azungu kufikira 1895.

Pogawana dziko mu 1890, Angerezi ndi Ajeremani analemba malire motsata mbali ya mseu womwewo. Motero njira imene inalambulidwa kuti ilumikize anthu inasanduka cholekanitsa abale. Mphunzitsi aziwalozera ana zimenezi pamapu.